Kadenga ka a Natanael

"Kodi makinawa amadziwa kumene munthu anaphunzira?"

Anafunsa ndi a Natanael, mlimi wa kachewere wa ku Domwe, maso ali pa komputadolo. Ophunzira anzawo anali kalikiliki kusakasaka manambala ndi chala chimodzi.

Ine ndinali nditangomaliza maphunziro, ndipo a Inácia, mkulu wa instituto yathu yophunzitsa aphunzitsi, anandipatsa ntchito yosankha pulogalamu yothandiza ophunzira achikulire pa matematika. Mapulogalamu oyesa analipo awiri. Aliyense amene pulogalamu yosankhidwayo ikanamupeza wofooka anayenera kukhala chaka chathunthu m'kalasi yokonzekera asanayambe kuphunzira uphunzitsi. A Natanael chaka chotayacho analibe. Imvi zinali zitayamba, ndipo munda anali atausiyira akazi awo okha.

Pulogalamu yoyamba inkangofuna yankho. A Natanael akakhoza, inkawathira tinyenyezi ngati mwana. Yachiwiri inkafuna kuona njira yonse, ndipo pa masamu ogawa inkafiiritsa chilichonse chimene alemba. Munthu mmodzi yemweyo, uku katswiri, uku mbuli. Ndinakoka mpando.

"Tandionetsani, bambo, mumagawa bwanji?"

Anatenga choko. Nambala yogawira anaiika kumanzere, pamwamba pa inayo n'kujambula kadenga, yankho n'kumalikweza padengapo.

"Kanyumba aka munakatenga kuti?"

"Ku Dedza, a pulofesola, nthawi ya nkhondo. Ndimo anatiphunzitsira kumeneko."

Kwathu kuno, tsidya lino la malire, nambala yogawira imakhala kumanja, yankho pansi pake. Timabokosi ta pulogalamu yachiwiri tinali ta njira ya kwathuyi, ndiye iwo ankaika manambala olondola m'malo olakwika.

A Zeferina, amene amagulitsa nyemba pa Kalomwe, anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Inu, nkhondo inatha kalekale, mukugawabe ngati othawa?"

"Nanga inu mwapeza zingati, amayi?"

"Ndisiyeni, ndikadawerenga funso."

Ndinafunsa ngati alipo ena omanga kadenga. Manja anakwera, ena mozengereza, onse a anthu amene anakulira ku Malawi. Ndinayesa njira yawoyo pandekha. Inandisokoneza kawiri, kenako inatuluka bwinobwino, ndipo ndinaikonda kuposa mmene ndinkafunira.

Ndinawauza a Natanael mosabisa. Yoyamba ikanawalowetsa chaka chomwechi. Yachiwiri ikanawabweza m'mbuyo, ngakhale kuti njira yake ndi imene ili m'mabuku a ana a sukulu ku Lifidzi ndi kwina konse kwathu kuno. Anangoti "Oo," n'kumapukuta choko m'manja.

Madzulo ake a Inácia anasuzumira pakhomo la kalasi.

"Dércia, wasankha iti?"

Ndinali nditakonzeka kunena kuti yoyamba, ndi zifukwa zanga zabwino ndithu. A Natanael anaimirira ndisanatsegule pakamwa.

"Pepani, amayi, tengani yofiirayo," anatero akuvala chipewa. "M'mabuku a ana amene ndidzawaphunzitse mulibe kadenga. Chakacho ndikhala."