Manambala a Mlamu

Kuntchito ankamutcha Changu, ndipo dzinalo ankalikonda kuposa lake lenileni. Ntchito yake inali yomanga mapulogalamu owerengetsa masamu n'kuwaika m'makompyuta a pasukulu yaukachenjede. Lamulo linali loti aziwamanga mofanana kuti purosesa iliyonse, ubongo wa kompyuta, yakale kaya yatsopano, izitulutsa yankho limodzi. Koma sukulu itabweretsa makina atsopano, Changu anaona ngati akukwera galimoto yabwino n'kumaiyendetsa pa giya wani. Anatsegula kachizindikiro kolola pulogalamu kudutsa njira zachidule za purosesa yatsopanoyo, osauza munthu. Masamu anayamba kuuluka, abwana n'kumuwombera m'manja.

Iye ankadziwa bwino kuti njira zachidulezo zimasintha timanambala takumapeto. Koma ndani amawerenga timanambala takumapeto?

Mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake, ankaphunzira pasukulu pomwepo ndipo ankakhala nawo pakhomo. Kafukufuku wake anali wolosera kusefukira kwa mitsinje, masamu obwerezabwereza amene kakusiyana kakang'ono kamakula mpaka kusanduka chigumula. Lipoti lake anali atalilemba makina atsopano asanabwere. Tsiku lina anafika maso ali psuu, n'kukhala pampando chikwama chili kumsana.

"Aphunzitsi anati ndibwereze masamu anga iwo akuona. Zatuluka zina, alamu. Akuti manambala a m'lipoti langa ndinachita kuphika, ndiye nkhani ikupita kukomiti."

"Zosiyana kwambiri?" anafunsa Changu.

"Mudzi womwe ndinati upulumuka, pano ukumira. Inu makompyuta mumawadziwa, tandionereni pomwe ndinalakwitsa."

"Muthandizeni mwanayu, bambo," anatero mkazi wake.

Apa mpomwe munthu akanangoti, ndine. Koma Changu anaganiza za abwana, za m'manja muja, n'kuyankha kuti aona mawa. Manyazi anamudya mpaka chakudya chinamukanika.

M'mawa analawirira ngati wakuba. Anatseka kachizindikiro kaja, n'kumanganso pulogalamu yonse mwakachetechete. Makina anabwerera ulesi wawo wakale, manambala a mlamu anabwereranso ndendende, mudzi uja unapulumuka. Changu anapumira m'mwamba, akudziuza kuti wakonza popanda kudzivula pagulu.

Masana mlamu anamupeza muofesi.

"Zatheka, eti?" anatero Changu, akudzikakamiza kumwetulira.

"Zatuluka bwinobwino. Koma aphunzitsi afunsa kuti amasamalira makinawa ndani. Nditati alamu anga, aseka. Akuti dzulo zinakana, lero mlamu wagwirapo zavomera. Akuti tsopano akhulupirira kuti tinaphikira limodzi."

Changu anayang'ana kompyuta yake. Umboni wokhawo woti mtsikanayo sananame unali kachizindikiro kaja, ndipo anali atakafufuta ndi dzanja lake. Chotsala chinali pakamwa pake basi.

Mlamu anakonza chikwama kumsana, n'kumugwira paphewa.

"Musadandaule, alamu. Inu mwayesetsa. Pepani kuti ndakuipitsirani dzina."