Benchi Yomaliza M'holo ya Nkhonya

Holo ya nkhonya ankaisandutsa malo ochitiramo zoimbaimba, ndipo a Refa, amene anaimbira nkhonya m'menemo zaka makumi atatu, ankabwera m'mawa uliwonse kudzaonerera ngati pali wawaitana. Zingwe za bwalo zinali zitamasulidwa kale, mabenchi akuzulidwa mzere ndi mzere.

Tsiku limenelo anapeza mayi wina wachitsikana ataima pomwe panali bwalo, akuphulitsa mabaluni ndi singano. Phu! Kenako n'kuyang'ana kamakina kake. Munthu wamkuluwamkulu, chipewa cha ntchito chili kumutu, kumaseweretsa za ana! A Refa analephera kuugwira mtima.

"Kodi mayi, ntchito yake ndi imeneyi?"

"Ndikuyesa mmene mawu amayendera muno, bambo. Dengali ndi lokhota, ndiye limaponya mawu kolakwika. Mawa tilikuta ndi matabwa ofewa."

"Limaponya kuti?"

Mayiyo analoza pamwamba, kungodya ya kumanzere. "Uko. Munthu akanong'ona ali pano, wa pabenchi yomalizayo amamva ngati akumuuzira m'khutu."

A Refa anayang'ana komwe ankalozako. Benchi imeneyo ndi yomwe ankakhalapo malemu akazi awo. Mipando yakutsogolo ankaikana, ati kumeneko kumafika thukuta la omenyana. Ndiye kunyumba ankakonda kunena kuti, "Inu, zonse mumang'ung'udza pabwalo paja ndimazimva." A Refa ankangoseka, poti akazi awowo kuopseza munthu ankakudziwa.

Komatu chong'ung'udzacho chinalipodi. Nkhonya isanayambe, iwo ankagwada pakati pa bwalo n'kupapasa pansi, kuona ngati pali ponyowa. Pogwadapo ankanong'ona mawu amene kunyumba ankawakanirira pakhosi: "Mkazi wanga, ndili ndi mantha. Pakadapanda iwe sindikadaima pano." Ankati akulankhula ndi matabwa.

Denga likakutidwa mawa, sadzadziwanso ngati akazi awo ankanena zoona.

"Mayi, taimani pomwepo. Ndikafika pamwambapo mugwade, munong'one chilichonse, koma chapansipansi."

Makwerero anali ambiri kuposa mmene ankaonekera. Anapumira kawiri, mawondo akulira, ndipo akalipentala anasiya kuzula misomali kuti aone komwe nkhalambayo inkalowera. Atafika anapukuta fumbi n'kukhala. Pansi paja mayiyo ankaoneka wamng'ono ngati chala. Anagwada.

"Mukundimva, bambo?"

Mawuwo anafika onse, ndi mpweya womwe.

Choyamba anawagwira ndi manyazi, kenako chisoni. Zaka makumi atatu mkazi uja ankakwera makwerero onsewa, ngakhale miyendo itayamba kumutupa, kudzamvera mawu amene akanatha kumuuza ali pakhonde.

Mayiyo anadzuka n'kukuwa. "Bambo! Mwamva kapena ayi?"

A Refa anagwira m'mphepete mwa benchi ndi manja onse awiri.

"Ndamva, mwana wanga," anatero chapansipansi. "Nayenso ankamva."