Dalaiva wa Ngolo Afa Sabata Yamawa

Kunyumba kwathu Lamulungu linali ndi mapemphero awiri. Oyamba anali a m'mawa, kumene bambo ankapita kukasinza. Achiwiri anali a folo koloko masana, pa TV, ndipo pamenepa bambo sankaphethira n'komwe.

Linali sewero la anthu akalekale, lochokera m'mabuku asanu ndi limodzi onenepa ngati njerwa. Anthu ake ntchito sankaidziwa. Amuna ankavala mawigi oyera ngati agwera m'thumba la ufa, akazi madiresi oti polowa pakhomo mpaka apendekeke, ndipo tsiku lonse linkatha akulemberana makalata chikhalirecho akukhala nyumba imodzi. Mwamuna akafuna kufunsira mkazi ankayamba wayang'ana pawindo masabata atatu. Ine ndinkati ndi sewero la alesi otchena, koma sindinaphonyepo gawo ngakhale limodzi.

Mayina awo enieni tinawataya kalekale. Mwini nyumba yaikulu tinkamutcha Bwana Ufa, mkazi wake Mayi Ambulera. Koma bambo, amene anayendetsa basi zaka makumi atatu, munthu wawo anali mmodzi yekha: mkulu woyendetsa ngolo ya mahatchi, wa chipewa chachitali ndi mphuno yofiira. Ankangooneka mphindi ziwiri pa gawo lililonse. Kutsegula chitseko, kuwerama, kukwera pamwamba mvula ikumukwapula, basi.

"Mwamuona mnzangayo?" ankatero bambo. "Onsewa akudya thukuta lake. Taonani mmene wakhotera pakona paja, popanda ngakhale galasi loonera kumbuyo."

Amayi ndiwo anali atawerenga mabukuwo, ndipo pakamwa pawo chinsinsi sichinkagona. Nyimbo yoyambira ikangolira, iwo ali pampando wawo ndi zosoka pamiyendo, ankayamba.

"Adalaiva, mnzanuyo mumuyang'anitsitse lero. Sabata yamawa afa."

"Afa ndi chiyani?"

"Hatchi imuponda pamimba."

Bambo ankakhala sabata yonse ali ndwii. Lamulungu linalo dalaiva uja n'kutulukira ali gwa, mphuno ili psuu ngati kale. Pamenepo bambo ankadzuka n'kuvina mozungulira tebulo, rimoti ili m'mwamba.

"Mabuku anuwa munawerenga mozondotsa eti?"

Amayi ankangoluma ulusi n'kunena kuti mwina asokoneza ndi buku lachinayi. M'zaka zisanu munthuyo anamupha ndi hatchi, chibayo, mphezi, ndiponso mlatho wothyoka kawiri konse.

Amene anamwalira ndi amayi. Anadwala miyezi inayi, iwiri yomalizayo ali m'chipatala, bambo akuwadikirira pa mpando wapulasitiki. Titaika maliro, bambo anatenga nsalu ya patebulo, anaphimba TV, n'kulowa kuchipinda. Kutuluka kwawo kunali kopita kubafa basi. Chakudya ndinkawasiyira pakhomo ngati mkaidi. Azakhali anayesa kubwera ndi amayi anayi kudzaimba nyimbo pachitseko, koma bambo anangokhoma ndi kiyi, ndipo amayi aja anamwa tiyi wathu yense n'kumapita.

Ndisaname, ndinkaopa. Ndinali nditaika kholo limodzi, ndipo linalo ndinkaliona likudziika lokha pang'onopang'ono, kuseri kwa chitseko chabuluu.

Patapita miyezi itatu analengeza kuti magawo omaliza a sewero lija ayamba. Ndinaganiza zolowa ntchito ya amayi. Buku lomaliza ndinalipeza m'chikwama chawo chimene tinabwera nacho kuchokera kuchipatala. Koma pofunafuna magalasi awo, poti zilembo zake zinali ngati nyerere, ndinatsegula chitini cha mabatani n'kupezamo kakope kakang'ono kolembedwa ndi pensulo.

Amayi ankalemba deti pa chilichonse, ngakhale pa mazira. M'kakopemo munali madeti, manambala a masamba a mabuku, ndi zimene ndinangoti kukamwa yasa nditaziwerenga.

"Tsamba 88. Palibe chomuchitikira. Ndiwauze za hatchi."

"Mphezi. Akhulupirira. Sanadye Lachiwiri. Ndachita mopitirira."

"Mlatho. Ndinaugwiritsa kale ntchito koma aiwala."

Mayi wa mvano ameneyu, woopa ngakhale kunama zaka zake! Zaka zisanu akuphika bodza mwadala, kuti aone mwamuna wake akuvina ndi rimoti. Ndinaseka ndekhandekha kuchipinda kwawoko mpaka misozi, kenako misoziyo inapitiriza yokha.

Mawu omaliza anali a chaka chathunthu asanadwale, dzanja lawo lidakali lamphamvu.

"Buku lomaliza, tsamba 412. Apa afadi. Adalaiva asaone. Tsiku limenelo ndikazimitsa magetsi pa mita."

Ndinatsegula tsambalo. Zinalidi choncho. Nkhalambayo inafera m'khola la mahatchi, pa udzu, popanda mphezi kapena mlatho, ndipo anthu anazindikira chifukwa choti ngolo sinabwere pakhomo.

Lamulungu loyamba ndinavundukula TV, ndinakweza mawu mpaka mawindo kunjenjemera, n'kukaima pachitseko chabuluu chija.

"Bambo, mnzanu uja ndiye watha lero. Njoka."

Nyimbo yoyambira inalira mpaka kutha. Kenako kiyi anatembenuka.

"Njoka m'dziko lozizira lija?" anatero bambo, ndevu zili nyankhalala. "Bodza lakenso lopanda mchere. Amayi ako ankayamba aganiza kaye."

Gawo lonselo anaonera ataimirira pakhomo, ngati munthu amene akungodutsa. Sabata yotsatira anakhala pa mkono wa mpando. Yachitatu anameta ndevu. Ine ndinapitiriza ntchito: ndinamumiza dalaivayo m'chitsime, ndinamudyetsa bowa woipa, ndinamugwetsera belu la tchalitchi pamutu. Bambo ankandinyoza sabata iliyonse, ndipo kunyozako kunkandikomera kuposa nyimbo za azakhali. Kuvina kokha ndiko sanavine.

Tsamba 412 linali kubwera, ndipo ndinkaliwerengera masiku. Ndinkadziwa kuti akangoona munthu wawo atagona pa udzu paja, abwerera kuchipinda, ndipo ulendo uno kiyi sadzatembenukanso.

Tsikulo linafika. Pa TV Mayi Ambulera anali kulira pawindo chifukwa cha kalata, monga mwa masiku onse. Kenako anaonetsa dalaiva uja akulowa m'khola, nyali m'manja, akutsokomola. Ndinadzuka ngati ndikukatenga madzi, ndinazungulira kuseri kwa nyumba, ndinatsegula kabokosi ka mita n'kugwetsa swichi. Ndinabwerera ndikupukusa mutu.

"Aa, magetsi awa. Pabwino pomwe."

Bambo sanandiyang'ane. Kwa aneba wailesi inali kuimba mokweza, firiji yawo ikung'ung'udza kuseri kwa khoma.

"Kwa anebawo akuyendera mphepo?" anafunsa. "Kayatse, mwana iwe. Ndikudziwa kuti afa. Afera m'kholamo, pa udzu, chipewa chili pachifuwa."

Ndinakhala pansi.

"Mwadziwa bwanji?"

"Buku limenelo ndinawawerengera amayi ako kuchipatala, maso awo atayamba kuchita chifunga. Masana alionse masamba khumi, anamwino akundiseka katchulidwe." Anasisita rimoti ndi chala. "Nditafika pamenepo ndinaona kuti ayi, munthu wodwala sangamve zoterezi. Ndiye ndinapeka zanga. Ndinati anapuma pantchito, anamupatsa kanyumba ndi hatchi imodzi, anakwatira mayi wophika wa m'nyumba yaikulu ija. Ndinkangotembenuza masamba ngati ndikuwerenga. Amayi ako anasangalala kwambiri. Anati, mwawerenga bwino Adalaiva. Anapita osadziwa kanthu, ndipo chimenecho chokha ndi chimene ndinawachitira chooneka."

Kenako ndinapita kukatenga chitini cha mabatani, ndinatulutsa kakope kaja, n'kuwatsegulira tsamba lomaliza.

Anavala magalasi. Anawerenga mawuwo, anawerenga deti, anawerenganso mawuwo. Anabwerera kumbuyo, kwa hatchi, kwa mphezi, kwa mlatho. Ine ndinali nditayamba kale kudzitukwana mumtima kuti ndawonjeza moto.

"Mfiti ya mkazi," anatero pomaliza, motsitsa mawu. "Ankadziwa."

"Ankadziwa, bambo."

"Ndiye anandisiya ndikutuluka thukuta pampando uja, kupeka ukwati wonse? Ukudziwa kuti anandifunsa zimene mkwatibwi anavala? Ndinati diresi lobiriwira. Anafunsanso kuti hatchiyo dzina lake ndani. Masiku atatu akundifunsa mafunso, nkhope ili bwinobwino ngati ali m'tchalitchi."

Anayamba kuseka. Kunali kuseka koipa, kotsamwa, kwa munthu amene waiwala kasekedwe, ndipo kunawagwedeza mapewa mpaka magalasi anagwera pamiyendo. Misozi inkatsika osaipukuta. Ine ndinawagwira dzanja, ndipo sanalichotse.

Atapuma anaika kakopeko m'thumba la malaya, cha kumtima, n'kumanga batani.

"Pita ukayatse," anatero. "Mnzanga asafere mumdima yekhayekha."

Ndinathamanga. Pobwerera ndinapeza ataimirira patsogolo pa TV, manja kumbuyo, mmene ankaimira pamaliro a madalaiva anzawo. Nkhalamba ija inali itagona kale pa udzu, hatchi imodzi ikuinunkhiza chipewa. Kenako anaonetsa Bwana Ufa ali pakhonde, akuyang'ana wotchi, akudandaula kuti antchito a masiku ano sasunga nthawi.

Zimene bambo anamuuza Bwana Ufa sindingazilembe pano. Anayambira pa wigi, anatsikira pa masokosi, anakathera kwa agogo ake. Aneba anatsitsa wailesi kuti amve bwino.

Sewerolo litatha sanapite kuchipinda. Anakhala pa mpando wa amayi, anasuntha zosoka zimene palibe anali atazikhudza chiikire maliro, n'kundifunsa ngati azakhali anasiyako tiyi m'nyumba muno.