Nkhope ya Estele pa Pepala la Sing'anga

"Tsika uone wekha," anatero Bonface ataimitsa njinga pamsika wa Chinakanaka.

Estele, mkazi wake, anatsika. Pakhoma la golosale panamatidwa pepala lotsatsa mankhwala a sing'anga wina. Pakati pake panali iyeyo, atavala diresi laukwati, akumwetulira. M'munsi munalembedwa kuti: "Mwamuna ankandizemba. Nditagula mankhwala kuno, anandikwatira."

Amayi ogulitsa nanazi anasiya malonda, maso onse ali pa awiriwo.

"Ndiye kuti unandidyetsa?" anafunsa Bonface motsitsa mawu.

"Bambo a Mwayi, sing'anga ameneyu sindikumudziwa n'komwe."

"Nanga chithunzichi anachitola kuti? Akulu ampingo andiitanitsa kale. Amayi anga akuti usakapondenso pakhomo pawo."

Estele anamatula pepalalo mosamala n'kulipinda.

"Tiyeni kumsika wa kwa Chonde, kwa amene anatijambula."

Anapeza Hopewell, wojambula uja, akupukuta kamera m'kashopu kake. Ataona pepalalo anaseka kuseka kouma.

"Mayi, musapse mtima. Munthuyo ankangofuna nkhope yokongola, ine n'kumugulitsa. Kamera ndi yanga, chithunzinso n'changa."

"Kamera ndi yanu, koma nkhope ndi yanga. Munandipempha?"

Hopewell anasuzumira panja, pomwe akabaza anali atayamba kuunjikana. Anapisa m'thumba n'kutulutsa ndalama zopindapinda.

"Landirani, mukagule sopo. Nkhaniyi ithere pompano."

Bonface anatembenukira kwa Estele. "Landira, tizipita. Anthu achuluka."

"Ndikalandirira muno, amve ndani? Apongozi anga? Akumpingo? Wapereka kwa munthu mmodzi, koma mapepala ali ponseponse. Nkhaniyi ipita kukhoti."

"Kukhoti mukangodziyalutsa," anatero Hopewell. Kuseka kuja kunali kutatha.

"Ndayaluka kale. Ndinamva pawailesi kuti chithunzi cha munthu sachitira malonda mwini asanavomere. Zomwe mwanenazi mukazibwereze pamaso pa majisitireti. Chipukuta misozi akagamula iwowo, ndipo mapepala onse mukawachotse ndi manja anu."

Anatuluka. Akabaza anam'patukira njira. Bonface anatsalira pang'ono, mutu uli pansi, kenako anam'tsatira n'kum'peza m'mbali mwa msewu.

"Mayi a Mwayi," anatero, "ndikakhala mboni. Ndamva ndi makutu anga."

Estele sanacheuke.

"Muyambe mwakauza amayi anu."