Chitenje cha Jubili ndi Kompyuta Yodzaza

Mainess Tembo anatsegula kashopu kake ka ku Kapata m'mawa umenewo mtima uli dyokodyoko, moti kiyi anamulowetsa chozondoka kawiri. Kwa zaka zisanu ntchito yake inali yokonza makhadi a ukwati, zikwangwani za masaluni ndi mapulogalamu a maliro pa kompyuta. Koma ulendo uno amayi a bungwe la Chikatolika kwawo ku Chipangali anamupatsa ntchito yojambula chitenje cha jubili ya zaka makumi asanu za tchalitchi chawo. Chitenje chenicheni, choti amayi mazana asanu adzavale tsiku limodzi, kuphatikizapo amayi ake omubala.

Chojambulacho chinali chitatha kale. Chinatsala ndi kuchiika mu fayilo ya miyezo imene a kufakitale ku Lusaka anatumiza, n'kuibweza 12 koloko masana isanakwane. Bambo Alfonsi a kufakitaleko ananena mosapita m'mbali kuti ikachedwa, makina ayamba nsalu za anthu ena mpaka mwezi wamawa, jubili itapita kale.

Fayilo ya miyezoyo inakana kutseguka. Inkafuna pulogalamu yojambulira yatsopano, pamene ya Mainess inali yakale. Apa tisamuikire kumbuyo: kwa chaka chathunthu kompyuta inkamupempha kuti achite apudeti, kutanthauza kuikamo pulogalamu yatsopanoyo, iye n'kumangoti mawa, mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Komabe sanade nkhawa. Analumikiza foni ku kompyuta kuti apeze intaneti, anadina poyambitsira apudeti, ndipo kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda bwinobwino iye akuimba chapansipansi. Katafika pa 73 peresenti kanaima, kanaganizira za moyo wake, n'kubwerera m'mbuyo. Panatuluka kabokosi konena kuti zalephereka, ndi manambala asanu osadziwika mutu wake.

Anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, monga amachitira aliyense amene wasowa chochita. Kamzere kanaimanso pa 73. Anaganiza kuti ndi bandulo, anaikamo ina, foni n'kuisanjika pawindo pamene netiweki imagwira bwino. Pa 73 pomwepo. Anazimitsa chotetezera mavairasi, anatseka zonse zimene zinali zotsegula, koma ayi ndithu. Choipa kwambiri chinali chakuti tsopano ndi pulogalamu yakale yomwe inaleka kutseguka. Mantha anamugwira, pakuti 10 koloko inali itakwana.

Nthawi yomweyo analowa amayi anayi a komiti, fumbi lili m'mapazi, atakwera minibasi yoyamba kuti adzaone chitenje chawo chisanapite. Patsogolo panali amayi Rozi, wapampando wa bungwe, munthu amene akamanong'ona msika wonse umamva. Pambuyo penipeni panali amayi Yosefina, amayi ake a Mainess, amene anakhala pampando wa pakhomo chikwama chili pamiyendo ngati ali pamzere wa kuchipatala.

"Tionetse, mwanawe, tachokera kutali," anatero amayi Rozi atapatsana moni.

"Amayi, pulogalamu yakana. Yakale yachoka, yatsopano sinalowe."

"Manje chitenje chathu chili kuti?"

"Chili m'katimo, koma chitseko chatsekeka."

Amayi aja anayang'anana. Amayi Yosefina anayang'ana pansi, ndipo Mainess anamva manyazi aakulu kuposa mantha aja. Apa m'pamene nzeru zinamubwerera zoti alembe manambala asanu aja pa foni yake n'kufufuza tanthauzo lake. Yankho linabwera msanga, lopepuka mochititsa ukali: m'kompyuta mulibe malo. Atayang'ana, anapeza kamzere kosonyeza malo kali psuu kufiira. Pulogalamu inkafuna magiga asanu ndi anayi, iye anatsala ndi awiri. Ndipo chimene chinadya malo onsewo chinali foda imodzi yolembedwa kuti Maliro.

Ntchito ya maliro Mainess ankaigwira mwa njira yakeyake. Anthu amabwera ndi chithunzi chimodzi chokha cha malemu, mwina cha pachitupa, mwina chodyedwa ndi chiswe m'mbali. Iye ankachikopera pa makina mwaukulu, n'kuchiyeretsa mpaka nkhope iwale. Chaka chikatha abale aja ankabweranso pa nthawi ya chiliza, chithunzi chija chitasowa kapena chitanyowa ndi mvula, ndipo ankachipeza kwa Mainess chili bwinobwino. Choncho sanafufutepo ngakhale chimodzi. M'fodamo munali anthu oposa mazana asanu ndi atatu, aliyense pansi pa dzina la dera lake.

Fulashi yake yosungiramo mafayilo inali yodzaza ndi ntchito za maukwati, ndipo kupita kukafuna ina kutauni n'kubwerera kukanamudyera nthawi yonse. Analuma mlomo, anatsegula foda ija, n'kusankha zonse. Kompyuta inamufunsa ngati watsimikiza.

"Taima kaye," anatero amayi Rozi, mphuno ili pafupi ndi galasi. "Awa si a Yakobo, akatekisiti a ku Chiparamba? Ufuna kuwachita chiyani?"

"Kuwafufuta, amayi, kuti papezeke malo."

"Iyayi. Munthu sitimuika m'manda kawiri."

"Ndiye chitenje sichipita."

Amayi Rozi anamasula mfundo ya pa chitenje chawo, anatulutsa kafoni ka mabatani, anachotsa batire, n'kutokosa ndi pini mpaka kamemole khadi kanagwera m'dzanja lawo.

"Umu muli nyimbo za kwaya chabe, ndipo zonse timazidziwa pamtima. Chotsa nyimbo, uike anthu."

Mainess anawayang'ana kukamwa kuli yasa, kenako anaseka ndi chimwemwe. Iye wa satifiketi ya makompyuta sanaganize zimenezo. Amayi ena awiri aja anali atayamba kale kusegula mafoni awo, mabatire ali mbwee patebulo. Ndi amayi Yosefina omwe anabwera ndi kakhadi kawo atakanyamula ndi manja awiri.

Zinayenda ngati mmene amagawanirana ntchito pamaliro, wina madzi, wina nkhuni, wina kuphika. Amayi Rozi anatenga a ku Chiparamba chifukwa anakwatiwa kumeneko. Amayi Yosefina anatenga a ku Chipangali. Awiri enawo analimbirana a m'tauni mpaka anagawana pakati, Kapata kwina, Mchini kwina. Mainess ankalowetsa khadi, kukopera, kutsegula zithunzi zingapo kuti atsimikize kuti zafikadi, kenako n'kufufuta za m'kompyuta. Nkhope zikamadutsa pagalasi amayi aja ankazilonjera ndi maina, ndipo miseche sinalephere.

"Onani a Limbani. Jekete iyi inali yobwereka, ine ndidziwa mwini wake."

"Asiyeni agone, inu. Inawakhala bwino."

Kashopu kanadzaza ndi phwete moti wogulitsa tomato panja anasuzumira kuti aone chimene chagwa. Aliyense akalandira khadi lake ankalikulunga m'kapepala n'kulimanga pamfundo ya chitenje, atalonjeza kuti alibweza tsiku limene Mainess adzapeze posungira pabwino.

Itangodutsa 11 koloko ndi theka, kamzere kofiira kaja kanasanduka kabuluu. Mainess anafufuta zidutswa zimene apudeti yolephereka ija inasiya, n'kuyambanso. Amayi anayi anaunjikana kumbuyo kwake, ndipo ngakhale sankadziwa kuti apudeti n'chiyani, ankawerenga manambala mokweza ngati ana a giredi wani. Pa 70 mawu anatsika. Pa 73 kamzere kanaima. Kenako panabwera 74.

Amayi Rozi anaimba nthungululu imene inaimitsa njinga ziwiri pamsewu.

Pulogalamu yatsopano inatseguka, koma eni ake anali atasuntha mabatani onse, monga amachitira anthu amene alibe chitenje choti atumize. Mainess anasakasaka thukuta lili kamukamu mpaka anapeza zimene ankafuna. Fayilo ya miyezo inatseguka, chojambula chake chinalowamo ndendende, ndipo anachikulitsa kuti chidzaze galasi lonse. Tchalitchi chawo cha njerwa zootcha chinali pakati, ndi belu lake lopachikidwa pamtengo monga lilili kwawoko, chimanga ndi mtedza zitazungulira m'mphepete pa mtundu wobiriwira. Amayi aja anaomba m'manja, wina anayamba kuvina chikwama chili kukhwapa. Kunatsala mphindi khumi.

Dzanja la Mainess linali litapita kale potumizira pamene amayi Yosefina anamuimitsa ndi funso.

"Tizilembo iti ta m'mphepete tikuti chiyani?"

"Ndi dzina la fakitale, amama."

"Nanga lako lili pati?"

"Ife sitilemba, amama. Sachita choncho."

"A fakitale anaonapo belu lathu? Lemba."

Mainess anayang'ana amayi Rozi, ndipo iwo anagwedeza mutu kuvomereza. Analemba pafupi ndi dzina la fakitale: Wojambula, Mainess Tembo, Chipangali. Anasunga fayilo, anaitumiza, ndipo onse anayang'ana pa foni. Kutatsala mphindi zitatu uthenga wa bambo Alfonsi unalowa wonena kuti yafika ndipo ili bwino.

Enawo anayambiranso nthungululu, koma amayi Yosefina anasendera pagalasi n'kuika chala chawo cholimba ndi khasu pa tizilembo tija.

"Ndi apa, eti? Pansi pa mtedza wachiwiri?"

"Ndi pomwepo, amama."

Anayang'anitsitsa kwa nthawi, milomo ikuyenda ngati akuloweza pemphero. Mainess anamva misozi ikubwera ndipo sanaibise.

"Ine kuwerenga sindidziwa," anatero amayi Yosefina, chala chikadali pomwepo. "Koma malo ndawagwira. Tsiku la jubili ndidzavala mbali imeneyi ili kunja, ndizidzalozera anthu ndekha."