Mawu Omaliza a Bambo Abasi

Anthu a pasadaka anali atayamba kubalalika, koma a Umar sanasunthe pakhonde la malemu mkulu wawo, a Abasi, ku Chinamwali. Maso awo anali pa mtsikana amene ankatsuka mbale kuseri kwa khitchini. Anali Fyness, mkazi wa Shamsu mwana wa malemuyo, Mkatolika wa ku Mbedza. Mwa anthu onse a pansi pano, iye yekha ndiye analipo pamene a Abasi ankatsirizika.

A Abasi anagwa ndi sitiroko chaka chatha akutsika kuphiri ndi dengu la mbatata. Mbali ya kumanja inafa, lilime nalo linalemera. Tsiku la imfa a Umar anali ku msika wa Songani, Shamsu ali pa kabaza. Onse anapeza thupi litazizira kale.

Chimene chinkawadya a Umar sichinali imfayo, poti imfa ndi ya tonse. Koma Msilamu akamapita pamafunika wina pambali womukumbutsa kalima, kuti mawu ake omaliza akhale akuti palibe wopembedzedwa koma Allah, mmodzi yekha, wosabala, wosabadwa, wopanda mnzake. Nanga mtsikana wa korona m'khosi akanakumbutsa chiyani? Amayi ena anali atanong'ona kale kuti masana amenewo kunamveka pemphero panyumbapo. A Umar akangotsinzina ankaona mkulu wawo ali chigonere, wosatha kukana, wina akumutchulira Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera kukhutu. Moyo wonse munthu osaphonya pemphero la swala, n'kudzaterereka pakhomo penipeni.

Anamufunsa Shamsu. Iye anati mkazi wake sakunena kanthu, akungolira, ndipo nkhani yofunika tsopano ndi ya munda wa kuphiri, chifukwa oyandikana nawo ayamba kale kudya malire. A Umar anapukusa mutu. Ana a masiku ano. Bambo ake sakudziwika kuti apita motani, iye mtima uli pa mizere ya mbatata.

"Kamuitane mkazi wakoyo," anatero a Umar.

"Apongozi anu, bambo? Anthu akuona?"

"Manyazi tidzachita mawa. Kamuitane."

Fyness anabwera n'kugwada chapatali, atapenya kumbali monga achitira mpongozi, manja akudontha madzi.

"Mayi, musandibisire. Achimwene munawapempherera za kwanu?"

Mtsikanayo anavomera kuti anapempheradi, koma panja, pachitseko, ndipo ankadzipempherera yekha chifukwa cha mantha. M'chipindamo sanatchule dzina lililonse. A Umar sanakhulupirire msanga. Munthu akapanikizidwa amadziwa kusankha mawu. Anafunsa ngati malemuyo ananenapo kanthu, ngakhale liwu limodzi. Fyness anati milomo inkagwedera koma mawu osatuluka. Ndiye kuti anapita chete, opanda womukumbutsa, opanda umboni.

Apo mpamene Fyness anayamba kusisima.

"Ndinawalakwira, bambo. Ankafuna chinthu, ine osachidziwa. Ndinawapatsa madzi, anakana. Ndinatsegula zenera, sizinali zimenezo. Ndinakwera pampando kufufuza kudenga, mwina pali chimene anabisa. Kenako ndinati kapena akufuna Shamsu, poti mwana ndi mmodzi yekha, ndiye ndinathamangira kwa aneba kukapempha foni. Pobwera ndinapeza atapita. Chimene ankapempha sindinawapatse."

"Munthu wosalankhula ankapempha bwanji?"

Fyness anapukuta manja pachitenje. Analendewetsa dzanja lamanja ngati lakufa, n'kuligwira pamkono ndi lamanzere, kulinyamula pang'onopang'ono mpaka pachifuwa. Kenako anapinda zala za dzanjalo, chimodzichimodzi, n'kusiya chamkombaphala chili chiimire.

"Ankatere. Likagwa, ankalidzutsanso. Likagwa, kulidzutsanso."

Shamsu anazyolika. A Umar anayang'anitsitsa chala choimiriracho. Ankachidziwa kuyambira ali ana ku madrasa. Pa swala iliyonse, akafika poikira umboni kuti Mulungu ndi mmodzi, chala cha mkulu wawo chinkadzuka chomwecho pambali pawo. Dzanja lamanzere linali lamoyo, a Abasi akanatha kukweza limenelo mosavutika. Koma umboni amaperekera lamanja, ndipo munthu ujayo sankadziwa kuchita zinthu mwachidule.

Fyness anali akadagwirizabe mkono wake, akudikira kuti amukalipire.

"Tsitsani dzanja, mayi," anatero a Umar. "Sankapempha kanthu kwa inu."