Maselo a Wessel

Ine ndi Tjitske tinkagwira ntchito mulabotale imodzi mumzinda wa Groningen, kumeretsa maselo a odwala khansa m'timbale tapulasitiki n'kumayeserapo mankhwala. Mwamuna wake Wessel, wokonza njinga, atamupeza ndi khansa ya kapamba, madokotala anadula kachidutswa ka chotupacho n'kutitumizira. Lamulo silinkalola mkazi wake kukakhudza, choncho anapatsa ine.

Ndinakaphwanya n'kuika maselowo m'kabati yofunditsa, momwe mumatentha ngati thupi la munthu. Maselo a odwala ena amavuta kumera. A Wessel anangoti mbwee ngati nkhungu pabuledi.

Tsiku lina Wessel anabwera, ataonda zomvetsa chisoni, atanyamula keke ya tonse. Anapempha kusuzumira pa maikulosikopu.

"Amenewa ndi ineyo?" anafunsa. "Mwiniwake ndikuuma chonchi, iwo akunona! Iwe Renske, umawadyetsa chiyani?"

"Shuga ndi timchere basi," ndinayankha.

"Ndiye undigoneke nanenso m'kabatimo."

"Tasiya zimenezo iwe," anatero Tjitske, n'kutuluka panja.

Mankhwala oyamba amene ndinayesa pa maselowo sanachite kanthu. Achiwiri anapha ochepa, otsalawo n'kuswana kuposa kale. M'mawa uliwonse Tjitske ankaima pakhomo la chipinda changa. Sankafunsa, ankangoyang'ana nkhope yanga n'kubwerera. Ndinafika podana nako kutsegula kabati ija.

Nyengo yozizira ya kuno ikutha, ndinayesa mankhwala ena akale omwe tinkawaderera. Nditasuzumira, ndinapeza maselo onse ataphulika, zinyenyeswa zokhazokha. Ndinabwereza, zinachitikanso. Ndinaitana Tjitske. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako tinathamangira kwa dokotala wa Wessel.

Dokotalayo anatimvetsera mpaka kumaliza. Kenako anati chiwindi cha Wessel chafooka kwambiri, ndipo mankhwalawo angamuphe msanga kuposa khansayo.

"Mupatseni theka chabe," anachonderera Tjitske.

"Ngakhale dontho sangalipirire. Pepani. Mankhwalawa akanapezeka miyezi yapitayo, bwenzi atathandiza."

Potsika masitepe Tjitske anandigwira mkono. "Usamuuze. Wamva? Adziwe kuti mankhwala tawasowa basi."

Sindinamuuze. Wessel anamwalirira kunyumba kwake mu Epulo. Pamaliro mchimwene wake anandithokoza chifukwa choyesetsa, ine n'kungogwedeza mutu.

Tjitske sanabwererenso kuntchito. Anatumiza mlamu wake kudzatenga nsapato ndi kapu yake, iye n'kusamukira kwa mchemwali wake ku Leeuwarden. Ndimamuimbira nthawi zina, koma sayankha.